Olemba amene anagona m'nyumba za amphawi a ku America

Mu Ogasiti 1939, akuluakulu a boma la Kern ku California anagwirizana zochotsa buku lina m'malaibulale ndi m'masukulu onse a m'deralo. Eni minda ya zipatso ndi thonje anali atapsa mtima, moti ena anafika poliotcha pamaso pa ojambula zithunzi. Bukulo linali The Grapes of Wrath la John Steinbeck, lomwe linali litangotuluka mu Epulo chaka chomwecho. Mlandu wake unali woti linaulula za anthu ogwira ganyu m'minda imeneyo: zimene ankadya, kumene ankagona, ndi ndalama zimene ankalandira dzuwa likalowa.

Dziko la America limadziwika kwambiri kudzera m'mafilimu, momwe galimoto zimanyezimira ndipo palibe amene amaoneka akusinkhasinkha za lendi. Koma kuyambira zaka za m'ma 1930 pakhala olemba ena amene analowera kwina. Anakagona m'nyumba za alimi olima m'minda ya eni, anakaperekera zakudya m'malesitilanti, anakakhala pa mabenchi a m'khoti la milandu ya lendi. Mabuku awo abwino kwambiri amafanana pa chinthu chimodzi: sachita manyazi kuwerengera ndalama. Amanena kuti munthu walandira zingati, walipira zingati, zatsala zingati, kenako amaonetsa mmene kachenji kotsalako kamagwedezera ukwati, ubale ndi ulemu wa munthu.

Steinbeck anayamba kutsata nkhaniyi ngati mtolankhani. Mu 1936 nyuzipepala ya San Francisco News inamutuma kukalemba za anthu amene ankakhamukira ku California kuchokera ku Oklahoma, Texas, Arkansas ndi madera oyandikana nawo. Kwawoko chilala chinali chitatenga zaka zingapo, mphepo ikuulutsa nthaka yolimidwa mopitirira muyeso mpaka fumbi kutseka dzuwa masana. Mabanki analanda minda ya angongole, thalakitala imodzi n'kulowa m'malo mwa mabanja angapo. Steinbeck anayenda m'misasa ya anthuwa limodzi ndi Tom Collins, yemwe ankayang'anira msasa wa boma ku Arvin, ndipo zimene anaona kumeneko ndizo zinabala banja la a Joad la m'bukumo.

A Joad amagulitsa mahatchi, ngolo, mapulawo ndi katundu wa m'nyumba, zonsezo n'kupezapo madola 18 okha. Zotsala amazipakira pa galimoto yakale yomwe aisandutsa lole, n'kukwerapo anthu 13, ulendo wa kumadzulo pa msewu wa Route 66. Chowakoka ndi timapepala tolengeza ntchito yothyola zipatso, koma timapepalato tinagawidwa dala tambirimbiri kuti ofuna ntchito achuluke, malipiro agwe. Kumunda wa mapichesi amayamba ndi masenti 5 pa bokosi. Sitalaka ya antchito ena a pamundapo ikangophwanyidwa, mtengo umatsika kufika theka.

Chimene chimatsalira mumtima mwa wowerenga, komabe, ndi mmene banjalo likupasukira pang'onopang'ono. Agogo aamuna amamwalira ulendo utangoyamba, n'kuikidwa m'mbali mwa msewu popanda bokosi, chifukwa ndalama ya maliro ndi yomweyo yoti iwafikitse ku California. Agogo aakazi amatsirizika usiku galimoto ikudutsa m'chipululu, ndipo mayi Joad amagona pambali pa mtembowo mpaka kucha osauza munthu, poopa kuti akangoima saolokanso. Mkamwini amazemba, kusiya mkazi ali ndi pakati. Bambo, amene kumudzi mawu awo anali lamulo, amayamba kungokhala duu, mayi n'kumagamula zonse. Steinbeck anaona bwino kuti njala ikalowa pakhomo imasintha wolankhula ndi womvera.

Bukuli linagulidwa makope oposa 400,000 m'chaka choyamba, linapata mphoto ya Pulitzer mu 1940, ndipo boma la Kern linachotsa chiletso chija mu 1941. Koma kuseri kwake kuli nkhani yowawa. M'misasa yomweyo munkagwira ntchito mayi wina, Sanora Babb, wobadwira ku Oklahoma, amene anakulira mu umphawi wa m'zidikha zomwezo. Iye ankalemba zimene anthu ankamuuza, ndipo zina mwa zolembazo zinafika kwa Steinbeck kudzera mwa Collins. Babb analembanso buku lake, kampani ya Random House n'kulivomera. La Steinbeck litatuluka n'kuwanda, kampaniyo inabweza mawu, ati msika sungalandire mabuku awiri a nkhani imodzi. Whose Names Are Unknown linadzasindikizidwa mu 2004, mwini wake ali ndi zaka 97, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Mwana wa kumeneko anadikira zaka 65, pamene mlendo analandira ulemu wonse.

Mu 1936, chaka chimene Steinbeck anatumidwa kumisasa ija, magazini ya Fortune inatuma James Agee ndi wojambula zithunzi Walker Evans ku boma la Hale ku Alabama, kukaona moyo wa alimi a thonje. Wodziwa za matenanti a m'maesiteti a fodya ku Malawi samva chachilendo apa: mwini munda amapereka malo ndi nyumba, feteleza ndi chakudya amapereka pa ngongole, ndipo pokolola amatenga gawo lake n'kudulanso ngongoleyo ndi chiwongoladzanja, mlimi n'kutsala chimanjamanja. Agee anagona m'nyumba ya limodzi mwa mabanja atatu a azungu amene analemba za iwo, nsikidzi zikumudya usiku wonse. Eni nyumba akapita kumunda, iye ankatsala n'kumalemba chilichonse cha m'nyumbamo: matabwa a khoma, zovala zopindidwa m'madirowa, nsapato zong'ambika, fungo la kukhitchini. Fortune inakana kusindikiza nkhaniyo. Buku lake, Let Us Now Praise Famous Men, linatuluka mu 1941 n'kugulidwa makope pafupifupi 600 okha, ndipo linadzatchuka litasindikizidwanso mu 1960, Agee atamwalira kale.

Ndi buku lolemera kuwerenga, ndipo malo ena Agee amataya nthawi pa chikumbumtima chake kuposa pa alimiwo. Koma funso limene linkamusowetsa tulo ndi loona: mlendo ali ndi ufulu wanji wofukula zovala za mayi wosauka n'kuuza dziko lonse? Patapita zaka 50, Dale Maharidge ndi Michael Williamson anakafufuza ana ndi zidzukulu za mabanja aja, ndipo ena anawapeza akadali ndi mkwiyo poona kuti usiwa wa makolo awo unasanduka chionetsero.

Studs Terkel anathana ndi vutoli potseka pakamwa pake. Kwa zaka 45 anali ndi pulogalamu pa wailesi ya WFMT ku Chicago, ndipo ankayenda ndi makina ojambulira mawu. Buku lake la 1974, Working, ndi mawu a anthu oposa 130 akufotokoza okha za ntchito zawo: wosungunula zitsulo, wozimitsa moto, woimika galimoto za anthu, wokumba manda, wantchito wa m'nyumba. Muli kudandaula kwambiri, makamaka za mabwana ndi kutopa, koma mulinso kunyada kumene wolemba wakunja sakanakuganizira. Mayi wina woperekera zakudya amafotokoza luso lake loika mbale pa tebulo osamveka phokoso, ndipo amanyansidwa ndi makasitomala amene amamumvera chisoni ngati kuti ntchitoyo ndi chilango.

Barbara Ehrenreich, amene anali ndi digiri ya udokotala pa sayansi, anafuna kuyesa yekha. Pakati pa 1998 ndi 2000 anabisa maphunziro ake n'kukagwira ntchito za malipiro otsika: kuperekera zakudya ku Florida, kukolopa m'nyumba za anthu ku Maine, kupinda zovala mu sitolo ya Walmart ku Minnesota. Kampani yoyeretsa m'nyumba inkalipiritsa makasitomala madola 25 pa ola, iye n'kumupatsa madola 6.65. Chachikulu chimene anapeza, m'buku la 2001 lotchedwa Nickel and Dimed, n'chakuti umphawi ndi wodula. Wopanda ndalama yolipiriratu miyezi iwiri sangapeze nyumba, choncho amagona m'malo ogona alendo olipira pa mlungu, omwe ndi okwera mtengo kuposa lendi; mulibe khitchini, ndiye amagula zophikaphika tsiku lililonse. Otsutsa ananena kuti Ehrenreich anali ndi kobwerera zinthu zikavuta, ndipo iye mwini sanabise zimenezo.

Ambiri mwa mabuku akalewa ankaona azungu osauka. Isabel Wilkerson anatha zaka zoposa 10 akufunsa anthu oposa 1,200 za ulendo wa anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni amene anathawa tsankho la kummwera kupita kumpoto ndi kumadzulo pakati pa 1915 ndi 1970. The Warmth of Other Suns, la 2010, limatsata anthu atatu. Ida Mae Gladney ndi mwamuna wake anachoka ku Mississippi mu 1937 mbale wawo atamenyedwa mpaka kutsala pang'ono kufa pomunamizira kuti waba nkhukundembo. George Starling anathawa ku Florida mu 1945 atamva kuti eni minda ya malalanje akufuna kumupha chifukwa cholimbikitsa anzake kufuna malipiro abwino. Robert Foster, dokotala wa maopaleshoni, anayendetsa galimoto kuchoka ku Louisiana kupita ku California mu 1953, ndipo ku Arizona anagogoda pa malo ogona alendo angapo, ponse n'kubwezedwa chifukwa cha khungu lake.

Olemba nkhani zopeka nawo sanasiye. Raymond Carver, mwana wa munthu wonola macheka pa fakitale ya matabwa, analemba nkhani zazifupi za mabanja okhala pa tebulo la kukhitchini, botolo lili pakati, akulephera kuuzana chimene chikuwadya. Barbara Kingsolver anapata Pulitzer mu 2023 ndi Demon Copperhead, nkhani ya mnyamata wamasiye wa kumapiri a Virginia komwe mankhwala opha ululu anasandutsa midzi yathunthu kukhala ya anthu odalira mapiritsi.

Koma buku limene latsata kwambiri njira ya Steinbeck m'zaka zino ndi Evicted la Matthew Desmond, lotuluka mu 2016. Mu 2008 ndi 2009 Desmond anakakhala mu mzinda wa Milwaukee, poyamba pa malo a nyumba zokokedwa ndi galimoto komwe kunkakhala azungu osauka, kenako m'chipinda cha lendi kudera la anthu akuda. Anatsata mabanja 8 ndi eni nyumba awiri, mayina awo atawasintha. Mmodzi ndi mayi amene anamutcha Arleen, wa ana aamuna awiri. Ankalandira madola 628 pa mwezi kuchokera ku boma. Lendi inali madola 550. Madola 78 otsalawo ndiwo anali a sopo, zovala, basi ndi china chilichonse. Atathandiza pa maliro a mnzake wapamtima amene ankamutenga ngati mchemwali wake, lendi inatsalira, ndipo kalata ya khoti inafika.

Apa Desmond amaonetsa chinthu chimene masamu paokha sangachionetse. Mtsikana amene amayenera kulowa m'nyumbayo, yemwe anamutcha Crystal, atangomuona Arleen koyamba anamuuza kuti asachoke, akhalire limodzi. Anthu awiri osadziwana anayamba kudyera mphika umodzi ndi kuitanana ngati achibale, ndipo posapita nthawi anayamba kukangana koopsa mpaka kusiyana. Desmond anaona ubale woterewu mobwerezabwereza: abale enieni atopa kapena nawonso alibe, choncho munthu amagwira aliyense amene ali pafupi, ubwenziwo n'kupsa msanga chifukwa wasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Arleen anaimbira foni eni nyumba oposa 80 asanapeze pokhala. Ena ankamukana chifukwa cha mbiri ya kukhoti, ena chifukwa cha ana.

Mfundo ya Desmond ndi yakuti kutulutsidwa m'nyumba kumabala umphawi wina pamwamba pa umene unalipo. Katundu amaunjikidwa m'mbali mwa msewu, kapena amatengedwa kukasungidwa kumalo olipira mpaka mwini atalephera n'kutaya zonse. Ana amasintha sukulu pakati pa chaka. Ntchito imatha chifukwa chojomba pofunafuna nyumba. Mu Milwaukee mokha makhoti ankatulutsa akulu ndi ana pafupifupi 16,000 pa chaka, ndipo amene ankakhudzidwa kwambiri anali amayi akuda. Panalinso lamulo lolanga mwini nyumba ngati apolisi aitanidwa kawirikawiri pakhomo pake, zimene zinkachititsa amayi ena omenyedwa ndi amuna awo kuopa kuimba foni, pofuna kuteteza denga.

Desmond sanawajambule eni nyumba ngati zilombo. Mayi amene ankachititsa lendi kwa Arleen anamugulirapo zakudya atangolowa m'nyumbamo, ndipo ndi yemweyo anamutengera kukhoti Khirisimasi ili pafupi, n'kumupatsanso lifiti pobwerera. Zonsezo zinali mwa munthu mmodzi, ndipo bukuli likanachepa mphamvu likanabisa mbali ina.

Evicted linapata Pulitzer mu 2017. Chaka chomwecho Desmond anakhazikitsa Eviction Lab pa yunivesite ya Princeton, yomwe inasonkhanitsa mamiliyoni a mafailo a m'makhoti kuti kwa nthawi yoyamba dzikolo lidziwe kuchuluka kwa anthu otulutsidwa m'nyumba, boma ndi boma. M'makhoti amenewa eni nyumba ambiri amabwera ndi loya pamene ochita lendi ambiri amabwera okha, kapena sabwera n'komwe. Mu 2017 New York unakhala mzinda woyamba kulamula kuti wochita lendi wosauka amene akufuna kutulutsidwa apatsidwe loya waulere, ndipo boma la Milwaukee linayamba kuchita chimodzimodzi mu 2021.