Ku sikelo, mayi nayenso afunsidwe

Mwana akabadwa kumudzi, maso onse amakhala pa iye. Ku sikelo amamuyeza thupi ndi kumubaya katemera, koma amene wamubereka kumsanayo safunsidwa kawirikawiri za mumtima mwake. Chonsecho bungwe la WHO likuti m'maiko osauka, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amavutika maganizo akabereka, makamaka ndi matenda okhumudwa.

Kulira ndi kutopa masiku a chikuta kumatha pokha. Zikapitirira masabata awiri, mayi n'kumasowa tulo, kudziimba mlandu ndi kusasangalala ndi khanda lake, amenewo ndi matenda, si ulesi kapena kulodzedwa.

Kuwazindikira sikulira makina. Pali mafunso 10 otchedwa EPDS, omwe anakonzedwa ku Scotland mu 1987, ofunsa momwe mayi wakhalira masiku 7 apitawo. Anawamasulira m'Chichewa n'kuwayesa pa amayi oyembekezera ku Mangochi. Namwino amawerengera mayi wosatha kuwerenga, ndipo mayankho akadetsa nkhawa, amamuunika mozama kuti alandire uphungu kapena mankhwala.

Choncho mukaimbira foni mlongo kapena mlamu amene wachira kumene kwathu, musangofunsa za mwana. Mufunsenso kuti: "Nanga inuyo mukugona bwanji?"