Batire Nalo Lifuna Kufunda

Ku Norway, dziko la kumpoto kwa Ulaya, mwa galimoto 10 zatsopano zogulidwa m'chaka cha 2024, pafupi-fupi 9 zinali zoyendera magetsi. Galimoto zotere sizimwa petulo ai. Mphamvu yake iri m'batire lalikulu loyalidwa kunsi kwa mipando.

Koma dzikolo nlozizira koopsa, ndipo chisanu ndiye mdani wa batire. M'kati mwake muli madzi a mankhwala m'mene muyenda tizidutswa ta lithium, ndipo madziwo akazizira alemera monga uchi m'mwezi wa June. Pamenepo galimoto sipita kutali, batire nalo lichedwa kudzaza. Choipa koposa nchakuti likalandira magetsi mofulumira kuzizira kutafika pansi pa madigiri 0, lithium uja aundana m'katimo, ndipo poonongekapo sipakonzekanso. Batire latsopano ndi la ndalama zambiri-mbiri.

Nanga eni ake amatani? Amayamba alifunditsa. Madzulo munthu alumikiza galimoto ku magetsi a panyumba, naiuza pa foni nthawi imene adzanyamuka. M'mamawa, iye akali m'tulo, galimoto itenthetsa yokha batire pamodzi ndi mokhala anthu. Nzeru yake iri apa: kutenthako kuchokera ku magetsi a nyumba, chotero batire linyamuka lodzaza.

Paulendo napo nchimodzi-modzi. Woyendetsa akasankha pa mapu a galimoto malo odzazira magetsi mofulumira, galimoto zambiri zimayamba kufunditsa batire zikali panjira, kuti pofika asaime nthawi yaitali pachisanu.