Makina a kuseli kwa nyumba opanga magetsi ndi madzi osamba ku Japan

Kuseli kwa nyumba zambiri za ku Tokyo ndi Osaka kumakhala mabokosi awiri achitsulo oimikidwa mogundizana ndi khoma, lalikululo lotalika msinkhu wa munthu wamkulu. Safuka utsi wooneka ndi maso, sasokosa, ndipo m'kati mwake mulibe injini yozungulira. Komabe limodzi limatulutsa magetsi okwana mawati 700, okwanira kuyatsa mababu, firiji ndi wailesi yakanema, pomwe linzakelo limasunga madzi otentha oti banja lisambe madzulo. Makinawa amatchedwa Ene-Farm. Anayamba kugulitsidwa mu 2009, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 anthu anali atagula oposa 500,000.

Chakudya chake ndi gasi wamba wophikira, wobwera m'mapaipi a mumzinda kapena wa m'masilinda. Koma gasiyo samuotcha kuti apeze magetsi monga ichitira jenereta ndi petulo. Amamuphwanya n'kuchotsamo mpweya wa haidirojeni, ndipo haidirojeniyo ndi amene amalowa m'chipangizo chotchedwa fuel cell.

Nzeruyi si ya dzulodzulo. Mu 1839 William Grove, loya wa ku Wales yemwe ankakonda zasayansi, anaonetsa kuti haidirojeni ndi okosijeni akakumana pa chitsulo cha pulatinamu amatulutsa magetsi ndi madzi. Panapita zaka zoposa 100 nzeruyo ili chigonere, kufikira Francis Bacon wa ku England ataonetsa makina a makilowati 5 mu 1959. Luso lakelo ndi lomwe linaunikira zombo za Apollo popita kumwezi, ndipo madzi otuluka m'makinawo ndi omwe oyendetsa zombozo ankamwa.

M'kati mwa fuel cell ya kampani ya Panasonic muli kachikopa kopyapyala ka pulasitiki yapadera, kopakidwa fumbi la pulatinamu mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi kumabwera haidirojeni, mbali inayo mpweya wamba womwe tonse timapuma. Haidirojeni akakhudza pulatinamu amagawanika pawiri. Tizigawo totchedwa mapulotoni timaboola kachikopako n'kutulukira kuseli, koma maelekitironi njirayo siwalola, choncho amalambalala kudzera mu waya. Kuyenda kwawo mu wayamo ndiwo magetsi amene. Akafika tsidya linalo onse amakumana ndi okosijeni, n'kusanduka madzi. Pulatinamu sathera pa ntchitoyi. Ali ngati nkhoswe: amakumanitsa awiri, ukwati n'kutheka, iye n'kutsala kudikira ena. Kachikopa kamodzi kamatulutsa mphamvu yosafika n'komwe voti imodzi, n'chifukwa chake amasanjikiza tambirimbiri pamodzi.

Vuto ndi lakuti haidirojeni sapezeka ali yekha chisawawa, ndipo palibe paipi yomwe imamufikitsa m'makomo. Apa ndi pomwe pali luso lenileni la makinawa, chifukwa m'bokosi lomwelo anapanikizamo kafakitale kathunthu.

Gasi akalowa, ntchito yoyamba ndi kumuyeretsa. Gasi wachilengedwe sanunkha, choncho makampani amathiramo dala mankhwala onunkha kuti anthu azimva msanga akamatuluka pena pake. Mankhwalawo amakhala ndi sulufa, yemwe amaononga zitsulo za m'kati, ndiye amayamba wasefedwa. Kenako gasiyo amasakanizidwa ndi nthunzi ya madzi n'kudutsa m'chitini chodzaza timibulu topakidwa chitsulo chofulumizitsa ntchito, chotenthetsedwa mpaka madigiri pafupifupi 700. M'ng'anjo imeneyi metheni, yemwe ndiye thunthu la gasi wa m'mapaipi, amasweka, nayonso nthunziyo imasweka, ndipo zonse ziwiri zimapereka haidirojeni wake. Anthu ambiri sadziwa mfundo iyi: ntchito yonse ikatha, theka la haidirojeni wotulukayo amakhala wachokera m'madzi, osati mu gasi.

Pamatulukanso mlendo wosafunika, kaboni monokisaidi, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Kwa pulatinamu nayenso ndi poizoni, chifukwa amamatirira pamwamba pake n'kutseka malo ofikira haidirojeni. Choncho mpweyawo umadutsa m'chipinda chachiwiri chozizirirapo, momwe nthunzi ina imasandutsa poizoniyo kukhala kaboni dayokisaidi, kenako m'chipinda chachitatu momwe amalowetsamo kampweya pang'ono kuti kapsereze wotsalayo. Pofika pa fuel cell, poizoniyo amayenera kukhala wosakwana magawo 10 pa miliyoni imodzi. Haidirojeni yemwe watsala osagwiritsidwa ntchito satayidwa. Amabwerera kukayatsa kamoto komwe kamatenthetsa ng'anjo ija. Ngakhale madzi otuluka mu fuel cell amabwezedwa kuti akakhale nthunzi.

Njira yophwanya gasi ndi nthunziyi mlimi wa chimanga amakumana nayo chaka chilichonse osadziwa. Feteleza wa yureya amachokera ku amoniya, ndipo amoniya wambiri padziko lapansi amapangidwa ndi haidirojeni wopezeka mwa njira yomweyi, m'mafakitale aakulu ngati mudzi. Mpake kuti mtengo wa gasi ukakwera kunja, thumba la feteleza nalo limakwera. Chomwe anachita akatswiri a ku Japan ndi kuchepetsa fakitale yotereyi mpaka ikwane kuseli kwa khitchini, n'kumayenda yokha kwa zaka zambiri popanda injiniya woiyang'anira.

Nanga kuvutikira zonsezi n'chifukwa chiyani, poti magetsi a m'mawaya alipo kale? Yankho lagona pa kutentha. Malo ambiri aakulu opangira magetsi ndi gasi kapena malasha amataya mphamvu yoposa theka ngati kutentha, komwe kumathera m'nyanja ndi mumlengalenga, chifukwa ali kutali ndi anthu oti angakugwiritse ntchito. Ene-Farm ya Panasonic imasandutsa pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a mphamvu ya gasi kukhala magetsi, zomwe pazokha si zododometsa. Koma kutentha kotsalako kumalowa m'thanki ya madzi yomwe ili pambali pomwepo, ndipo zonse zikaphatikizidwa mphamvu yogwiritsidwa ntchito imapitirira magawo 90. Ku Japan izi zili ndi tanthauzo lalikulu, poti mabanja ambiri amadzaza bafa lakuya ndi madzi otentha madzulo alionse, ndipo kutenthetsa madzi kumadya gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena kuposerapo, la mphamvu zonse za pakhomo. Makinawa amaphunziranso nthawi yomwe banja limasamba, n'kumayaka moti thanki idzaze nthawi yake itakwana. Ikadzaza amazima, chifukwa kupanga magetsi kwinaku akutaya kutentha kungakhale kuononga cholinga chonse.

Palinso mtundu wachiwiri womwe Osaka Gas, Aisin ndi Kyocera anatulutsa mu 2012. Uwu m'malo mwa pulasitiki uli ndi timapale toumba mwapadera, ndipo umagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 700. Pa kutentha kotere kaboni monokisaidi sakhalanso poizoni, amangokhala nkhuni ngati haidirojeni yemwe. Magetsi ake amapitirira theka la mphamvu ya gasi, koma suyenera kuzimitsidwazimitsidwa, choncho umayaka usana ndi usiku.

Boma la Japan silinabise kuti likufuna makinawa afale. Mu 2005 ena oyambirira anaikidwa kunyumba ya nduna yaikulu ya dzikolo, ndipo pakati pa 2005 ndi 2008 anayesedwa m'nyumba zoposa 3,000. Atafika pamsika mu 2009 mtengo wake unali woposa mayeni 3 miliyoni, wogulira galimoto yatsopano, ndipo boma linkalipirako mpaka mayeni 1.4 miliyoni. Patatha zaka pafupifupi 10 mtengo unatsika kufika pansi pa miliyoni imodzi. Ngakhale zili choncho, chiwerengero cha makina 5.3 miliyoni chomwe boma linkalakalaka pofika 2030 chili kutalitali, ndipo kampani ya Toshiba inasiya kuwapanga mu 2017.

Chivomezi ndi madzi osefukira a pa 11 Malichi 2011, zomwe zinaononga malo a nyukiliya a Fukushima Daiichi, zinavumbula chilema chochititsa manyazi. Magetsi akathima, makina oyambirira aja nawonso ankazima, chifukwa mapampu ndi ubongo wake zinkadalira magetsi a m'mawaya. Munthu wokhala ndi fakitale ya magetsi pakhomo ankagona mumdima limodzi ndi anansi ake. Opanga anakonza zimenezi, ndipo makina atsopano amapitiriza okha ngati kuthimako kwawapeza akuyaka. Namondwe wa Jebi ataomba dera la Osaka mu Seputembala 2018 n'kusiya nyumba zoposa 2 miliyoni mumdima, mabanja okhala ndi makina otere ankatchaja mafoni, kusunga chakudya mufiriji ndi kusamba madzi otentha, poti mapaipi a gasi ali pansi pa nthaka pomwe mphepo sifika.

Chodabwitsa n'chakuti Ene-Farm sisunga haidirojeni n'komwe. Imamupanga n'kumudya nthawi yomweyo, ndipo ichi n'chisankho chanzeru, chifukwa kusunga haidirojeni ndi mutu waukulu. Ndi mpweya wopepuka kuposa wina uliwonse. Kilogalamu imodzi ili ndi mphamvu pafupifupi katatu kuposa kilogalamu ya petulo, koma ikasiyidwa momasuka imadzaza malita pafupifupi 11,000. Galimoto ya Toyota Mirai, yomwe inatuluka mu 2014, imanyamula makilogalamu pafupifupi 5 okha, ndipo kuti akwane amapanikizidwa kuwirikiza ka 700 mphamvu ya mpweya wotizungulirawu, m'mathanki okulungidwa ndi ulusi wolimba wa kaboni. Njira ina ndi kumuziziritsa mpaka asanduke madzimadzi, koma izi zimafuna madigiri 253 pansi pa ziro, ndipo kuziziritsako kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mphamvu yomwe ikusungidwayo. Mu Febuluwale 2022 sitima ya Suiso Frontier inafika ku Kobe kuchokera ku Australia ndi haidirojeni wamadzimadzi, ulendo woyamba wa mtundu wake, ndipo wina mwa haidirojeniyo anachokera ku malasha a ku Latrobe Valley. Palinso zitsulo zina zomwe zimamwa haidirojeni n'kumutulutsa zikatenthetsedwa. Ndi zotetezeka koma zolemera kwabasi, n'chifukwa chake zinapeza malo m'sitima zankhondo za ku Germany zoyenda pansi pa madzi, momwe kulemera sikudetsa nkhawa.

Kusunga kuli ndi ubwino wake: makina odya haidirojeni wokonzeka kale amayaka msanga, osadikira kuti ng'anjo itenthe. Pa fakitale yake ya ku Kusatsu, Panasonic inaimika mu 2022 makina 99 otere, a makilowati 5 alionse, pamodzi ndi mapanelo a sola, mabatire ndi thanki ya malita 78,000 ya haidirojeni wamadzimadzi wobwera pa galimoto.

Pali chinthu chimodzi chomwe otsatsa malonda amachitchula motsitsa mawu. N'zoona kuti fuel cell payokha imatulutsa madzi basi, koma kaboni yemwe anali mu gasi uja sasowa. Amatuluka ngati kaboni dayokisaidi, mpweya womwe ukutenthetsa dziko, ndipo m'mafakitale aakulu kilogalamu iliyonse ya haidirojeni wochokera ku gasi imasiya makilogalamu 9 kapena 10 a mpweyawu. Ogulitsa Ene-Farm amati banja limachepetsa mpweya woipa ndi tani imodzi kapena kuposerapo pang'ono pachaka, ndipo phindu limeneli ndi lenileni, koma limachokera pa kusataya kutentha, osati pa kuyera kwa gasi. Kudziko lomwe magetsi ake ambiri ndi a madzi kapena dzuwa, makina omwewa angaonjezere utsi m'malo mochepetsa. Kuwatcha makina opanda utsi n'kunamiza anthu. Kuwatcha makina osasakaza ndiko kunena zoona.

Kumwera kwa Africa nkhaniyi ikukhudza kudzera mu pulatinamu uja. South Africa imakumba pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a pulatinamu wa padziko lonse, ndipo Zimbabwe, ndi migodi yake ya pa Great Dyke, ndi yachitatu pambuyo pa Russia. Eni migodi akudziwa kuti galimoto za mabatire zikachuluka, msika wa pulatinamu wa m'maekizozi udzachepa, choncho amafunitsitsa fuel cell ifale. Mu 2014 Anglo American Platinum, mogwirizana ndi kampani ya ku Canada ya Ballard ndi kampani ya magetsi ya ku South Africa ya Eskom, inayesa njirayi m'mudzi wa Naledi Trust pafupi ndi Kroonstad ku Free State. Kumeneko kunalibe mapaipi a gasi, ndiye makinawo ankaphwanya methano, mafuta amadzimadzi onyamulika pa lole, n'kugawira magetsi nyumba 34.

Makinawo anagwiradi ntchito, koma njirayi sinafale m'midzi yambiri. Methano amafuna kugula ndi kunyamula mwezi ndi mwezi, m'midzi yotere mulibe mabafa odikira kutentha kotsala kuja, ndipo m'zaka zomwezo mtengo wa mapanelo a sola ndi mabatire unali kutsika mofulumira kuposa wa fuel cell.