Lipenga la Akabaza: Kodi Njinga Yobangula Ndiyo Yamphamvu?

Tambala wachiwiri asanalire, pamene nkhungu idakali yokuta phiri la Ndirande ndipo amayi a mandasi angoyamba kumene kusonkha moto, pamamveka kubangula kochokera cha ku Chinseu, kumene mlendo angakuyese mphenzi ya mvula yoyamba kapena lipenga lija linagwetsa malinga a Yeriko; koma eni mudzi, amene makutu awo anazolowera kale, amangotembenuka pamphasa nadziwa kuti mnyamata wa kabaza walawira, ndi kuti njinga yake inapitako kwa owotcherera. Kulira komweko mudzakumva ku Bangwe, ku Chilomoni m'munsi mwa Michiru, ku Zingwangwa ndi m'maeriya a Machinjiri, pakuti mwambo wotumbula ekizozi wafalikira pakati pa achinyamata monga moto wolusa m'tchire la Okutobala.

Tsiku lina ndinaima pambali pa owotcherera m'mphepete mwa msika wa Ndirande, paja pomwe zitsulo zakufa zimaukitsidwa kukhala mbaula, mageti ndi mawilibala, ndipo ndinaona ndi maso anga m'mene ntchitoyi imachitikira. Mmisiri anamasula sailensa, naigoneka pansi, naiponda ndi phazi, naidula ndi gulayinda mpaka mwaye wakuda unakhuthuka ngati ufa wa makala. M'katimo munali tizipinda togawidwa ndi timapale tachitsulo, ndi kapaipi kobowoledwabowoledwa. Zonsezo anazizula ndi pulayala, naziponya pamulu wa zitsulo zokagulitsa pa sikelo, kenaka anatseka chibowo chija ndi moto. Mwini njinga atailiza, ana amene anali kusewera pafupi anagwira m'makutu, koma iye nkhope yake inawala ngati ya munthu amene walandira cholowa. Amene matumba awo ndi olemererako sapita n'komwe kwa mmisiri wotumbula: amagula paipi yonyezimira ya m'sitolo, yaifupi ndi yokamwa kwakukulu, naimangirira m'malo mwa ija inabwera ndi njinga.

Mukawafunsa pa siteji chifukwa chake, mayankho amabwera atatu, ndipo sasintha kwenikweni kuchokera ku Goliyo kufikira ku Nthukwa: akuti injini imapuma bwino ndipo imakoka pamtunda, akuti oyenda pansi ndi madalaivala a minibasi amawamva akadali patali, ndipo ena, oona mtima koposa anzawo, amavomera kuti kulirako kumangowasangalatsa. Yankho lachitatu ndilibe nalo mlandu, pakuti unyamata uli ndi nyimbo zake. Loyamba lija ndilo lofunika kulifukula, chifukwa muli kachoonadi kamene kanachokera kutali, kanasokera panjira, kadzafika kuno katavala malaya a eni.

Kumaiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene chipale chofewa chimakwirira misewu miyezi yathunthu, kuli makina otchedwa snowmobile, amene kutsogolo ali ndi timatabwa totsetsereka ndipo kumbuyo amadzikankha ndi lamba. Joseph-Armand Bombardier wa ku Quebec, m'dziko la Canada, ndiye anayamba kugulitsa otchuka a mtundu wa Ski-Doo m'chaka cha 1959, ndipo kufikira lero ambiri mwa makina amenewa amayendera injini ya two-stroke, yofanana ndi ya makina ochekera matabwa kapena tinjini tating'ono ta magetsi tija timathiridwa petulo wosakaniza ndi oyilo. Injini yotere ilibe mavalavu; ili ndi zibowo m'khoma la silinda zimene pisitoni imatsegula ndi kutseka poyenda, ndipo chilema chake chobadwa nacho n'chakuti pa kamphindi kena khomo lolowera ndi khomo lotulukira amakhala otseguka pamodzi, kotero kuti gawo la mafuta atsopano limathawira kunja lisanapse.

Amene anafikitsa pa ungwiro mankhwala a chilema chimenechi anali Walter Kaaden, injiniya wa kampani ya MZ ku Zschopau, m'dziko limene kale linkatchedwa East Germany. Paipi yake imayamba yopyapyala, nikula pang'onopang'ono mpaka kukhala ndi mimba ngati nsato yomeza mbuzi, kenaka nichepanso kumapeto. Ndipo chinsinsi chake n'chakuti utsi ukaphulika kutuluka m'silinda, funde lake pofika potambasuka paja limayamwa utsi wotsalira, ndipo likagunda pochepa paja limabwerera m'mbuyo ngati mawu obwerera kuphanga, nikankhira m'silinda mafuta aja anali kuthawa, khomo lisanatsekeke. Pofika 1961 kanjini kake ka 125cc kankatulutsa mphamvu ya mahatchi 25, pamene njinga zathu za kabaza za 150cc zimangozungulira pa 12. Chaka chomwecho wokwera wake, Ernst Degner, anathawa kwawo, napita ndi nzeruzo ku Suzuki ya ku Japan, kumene anapambana ukatswiri wa dziko lonse wa njinga za 50cc mu 1962.

Chotero mwini snowmobile akagula paipi yapadera, amagula chinthu choyezedwa, chimene utali ndi kukula kwake zinawerengedwa kuti funde lija libwerere pa nthawi yake yeniyeni, ndipo mphamvu imawonjezekadi. Komabe ngakhale iyeyo salandira kwaulere. Phindu limaonekera pa liwiro limodzi la injini, kwinako n'kutayako. Mafuta amafunika ochuluka, pakuti mphamvu siichokera kumwamba ngati mana. Ndipo akanyalanyaza kusintha majeti a kabureta, kapena kompyuta yogawa mafuta pa makina a masiku ano, molingana ndi paipiyo, kuzizira kwa tsikulo ndi kukwera kwa phiri, pisitoni imatentha mpaka kubowoka. Akatswiri akumeneko amadziwanso kuti kusintha sailensa yakumapeto yokha kumachepetsa kulemera ndi kuwonjeza phokoso, koma pa mphamvu sikuphula kanthu kenikeni.

Tsono bwererani nane ku Ndirande. Ma Lifo, ma King Lion ndi ma Boxer amene adzaza misewu yathu ali ndi injini ya four-stroke, ya silinda imodzi, yozizira ndi mphepo, imene makomo ake amatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi mavalavu pa nthawi yoikika. Matsenga a Kaaden, monga anawakonzera, alibe malo m'nyumba imeneyi. N'zoona kuti utsi ukamatuluka mosavuta, injini yotere ingapindule pang'ono ikamalira pamwamba penipeni, monga pa mpikisano. Koma wa kabaza sakhala pamwamba penipeni. Ntchito yake ndi kunyamuka ndi kuima, kuzemba maenje, kukwera chitunda cha ku Bangwe atakweza mayi wonenepa ndi thumba la makala, ndipo mphamvu imene imafunika pamenepo ndi ya pansi, ija imene paipi yaifupi ndi yotakata kawirikawiri imaichepetsa. Khutu limamva mkango, koma sipidomita imaona mbuzi yomwe ija. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo zimayambira mu kabureta. Kuti petulo apse bwino amafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera, ndipo majeti amene anaikidwa kufakitale anasankhidwa molingana ndi sailensa ija yatayidwa pamulu. Mpweya ukachuluka mafuta osawonjezeka, moto wa m'silinda umatentha koposa muyeso, paipi imasanduka yabuluu pakhosi pake, valavu yotulutsa utsi imayamba kupserera, ndipo njinga imawombera phaphapha potsika mtunda, kulira kumene anyamata ena amakunyadira osadziwa kuti ndi kubuula kwa wodwala. Tisaiwalenso kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene mwachibadwa chake amapendeketsa muyeso kumbali yomweyo. Makaniko wanzeru amaika jeti yokulirapo. Wopanda zida amangoikuza ndi kawaya, mongoyerekeza, ndipo kuyambira tsiku limenelo njinga imamwa ngati ng'ombe yochokera kudambo louma.

Nkhani ya mafuta si yoseketsa kwa munthu amene madzulo aliwonse ayenera kupereka tageti kwa bwana mwini njinga asanaganize za ndiwo za kunyumba. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo aliyense akukumbukira mizere ya njinga yogona pa mafilingi siteshoni, ndi mitengo ya m'zigubu imene inkaposa pamenepo kutalitali. Dontho lililonse limayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti limadzathera pa siteji, njinga ili chiimire, mwini wake akupotokola dzanja kuti anzake amve. Pamenepa ndipo pagona mbava yaikulu koposa jeti: njinga yolira mokoma imanyenga dzanja, ndipo dzanja lonyengedwa silidziwa kuleza.

Za chitetezo, nkhani ya yankho lachiwiri lija, ndinena mwachidule. Paipi imaloza kumbuyo, ndipo phokoso lake lalikulu limatsalira anthu amene mwawapitirira kale, pamene dalaivala amene ali patsogolo, mawindo otseka ndi wailesi ili pamwamba, amakumvani mutafika kale pambali pake. Hutala, nyali, mabuleki abwino ndi chipewa cholimba ndizo zimachepetsa anthu ogonekedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth. Akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti phokoso loposa ma decibel 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo khutu loyandikira paipi koposa onse, kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndi la wokwerayo. Malamulo a pamsewu nawonso amafuna kuti chilichonse choyendera injini chikhale ndi sailensa yogwira ntchito.

Kwa inu achimwene a pa siteji, amene mwina mukuti wolemba uyu sanagwirepo chiwongolero cha njinga, sindikupemphani kuti mundikhulupirire. Dzazani thanki, lembani makilomita, yendani sabata imodzi ndi paipi yanu yobangula. Kenaka bwerekani sailensa yosatumbula kwa mnzanu, bwezerani jeti yakale, muyende njira zomwezo sabata inanso, ndipo muwerenge malita. Pomaliza masulani pulagi muiyang'ane kunsonga: ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, injini ili pamtendere, ikakhala yakuda ndi mwaye, mukutaya petulo, ikayera mbee ngati phulusa, pitani kwa makaniko lero lomwe, valavu isanapse.