MZATI WA PA MASITEPE UMAGWERA PA TSINDE

Masiku ano masukulu, zipatala ndi machalichi ambiri a kumidzi ali ndi makhonde okwera ndiponso masitepe a konkire. M'mbali mwa masitepe otere mumaikidwa zogwirira za citsulo kuti nkhalamba, odwala ndi amai apakati azitsamirapo. Koma cogwirira cogwedera ncoopsa kuposa kusakhalapo kwace, cifukwa munthu amacikhulupirira nayedzamirapo thupi lonse.

Bvuto lalikuru limakhala pa tsinde, pamene mzati ukumana ndi sitepe. Mzati umacita ngati mpini wautali wotukulira mwala. Munthu akakankha pamwamba pa mzati wotalika mita 1 ndi mphamvu ya makilogalamu 50, ndipo mabauti a pansi atalikirana masentimita 10, mabauti a mbali imodzi amakokedwa ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 500. Ndico cifukwa cace kudontheza citsulo apa ndi apo sikukwanira.

Mmisiri wodziwa nchito amayamba wawocherera mzati pa puleti ya citsulo yocindikala mamilimita 8 kapena 10, pakuti puleti yopyapyala imapindika. Amawocherera kuzungulira mzati wonse osasiya mpata, ndipo msoko wace umacindikala molingana ndi khoma la paipi. Moto ukacepa, msoko umangokhala pamwamba ngati phula osalowerera. Ukacuruka, umaboola paipi. Pa paipi yopyapyala ndodo zowocherera za mamilimita 2.5 ndizo zoyenera, ndipo zisungidwe pouma, cifukwa zonyowa zimasiya timaenje mu msoko. Asanayambe acotse dzimbiri, utoto ndi mafuta. Akatsiriza agogode makoko a pamwamba ndi nyundo kuti msoko uoneke poyera. Pamene pamadutsa anthu ambiri, tizitsulo ta ngondya zitatu towochereredwa pakati pa mzati ndi puleti timaonjezera mphamvu.

Ngakhale masitepe ndi otsetsereka, mzati uyenera kuima cilili. Mabauti asakhale kufupi ndi mphepete mwa sitepe, kuopa kuti konkire ingagamuke, ndipo konkire yatsopano imafika pa mphamvu yace yoyembekezeka patapita masiku 28. Cogwirira cikhale masentimita 90 kapena mita 1 kucokera pansi, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo usapitirire masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowemo.

Mdani wina ndi madzi. Paipi yosatsekedwa pamwamba imamwa mvula, ndipo dzimbiri limaidya kuyambira mkati, pa tsinde pomwepo, pamene kunja ikuoneka yabwino. Motero pamwamba patsekedwe, ndipo msoko upakidwe utoto wofiira woletsa dzimbiri utoto wina usanabwere.

Ana asaloledwe kuyang'ana moto wa wowocherera, cifukwa kuwala kwace kumatentha maso. Utsi wa paipi yokutidwa ndi zinki umadwalitsa, concho nchitoyo icitikire pa mphepo.

Makomiti a masukulu ndi a zipatala amene amasunga ndarama za anthu angacite bwino kufunsa mmisiri kumene anaphunzira, monga ku Chipata Trades, ndiponso ngati ali ndi setifiketi ya TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Asanalipire, amuna awiri agwedeze mzati uliwonse mwamphamvu ndi kuyang'ana ngati pa msoko pali mng'alu. Wogwedera ubwerezedwe tsiku lomwelo. Pa nkhani ya moyo wa anthu palibe kuopa kufunsa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.