Miyendo ya Ndege Zing'onozing'ono: Zimene Ophunzira Amasamala ndi Udindo wa Okhala Pafupi ndi Bwalo

Maboma angapo m'dziko muno, monga Karonga, Likoma, Kasungu, Salima ndi Mangochi, ali ndi mabwalo aang'ono a ndege. Ena mwa mabwalo otere ali pakati pa midzi, ndipo anthu amadutsapo popita kumsika, kudyetsapo ziweto ngakhale kuseweretsapo mpira. Zimenezi zimaika pachiswe chiwalo chimodzi cha ndege chimene ambiri sitichilabadira, ndicho miyendo ndi matayala ake.

Ndege imene sukulu zambiri padziko lapansi zimaphunzitsira ndi Cessna 172, ya mipando inayi, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1956. Ikadzaza imalemera kupitirira pang'ono tani imodzi, ndipo poyandikira kutera imathamanga pafupifupi makilomita 120 pa ola. Katundu yenseyu amafikira pa matayala atatu okha. Awiri akuluakulu ali chapakati, pa miyendo yachitsulo imene imapindika ngati sipuling'i. Lachitatu lili kutsogolo, pa mwendo wokhala ndi oyilo ndi mpweya mkati kuti uchepetse kugwedezeka. Mwendo wakutsogolowu ntchito yake yaikulu ndi kukhotetsa ndege ikamayenda pansi, ndipo ndi wofooka poyerekeza ndi iwiri ija.

N'chifukwa chake wophunzira amabwereza kunyamuka ndi kutera kambirimbiri, mpaka atazolowera kugunditsa pansi matayala akuluakulu poyamba, mphuno ya ndege ili m'mwamba, kenako n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Akayambira tayala lakutsogolo, ndege imanjanja. Akaikakamiza kubwerera pansi, imanjanjanso mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo mwendo uja ukhoza kuthyoka. Pamenepo pulopela imamenya nthaka, ndipo injini imayenera kutsegulidwa ndi kuunikidwa ndege isanaulukenso. Zikayamba kusokonekera chonchi, mlangizi amaphunzitsa njira imodzi: kuwonjezera moto wonse, kukweranso m'mwamba, kuzungulira ndi kudzayesanso. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Choncho mukaona ndege yatsika kenako n'kukweranso, musafulumire kuganiza kuti yawonongeka.

Kusamala kumayambira pansi, injini isanalizidwe. Wophunzira amazungulira ndege ali ndi mndandanda m'manja. Amaona ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira, ngati sadang'ambike kapena kuperepeseka mbali imodzi, ngati mafuta a mabuleki sakudontha, ndiponso ngati mwendo wakutsogolo sudaphwe. Ndege ikangoyamba kuyenda, amaponda mabuleki kuti atsimikize kuti akugwira. Tayala lililonse lalikulu lili ndi buleki yakeyake, yopondedwa ndi nsonga ya phazi. Kuponda mopitirira muyezo pa liwiro lalikulu kumakhwekhwereza tayala mpaka kuliphulitsa.

Ophunzira ena amapitiriza n'kufika pa ndege monga Piper Arrow, zimene miyendo yake imapindidwa m'kati ndege ikanyamuka kuti isamalimbane ndi mphepo. Kumeneko vuto lodziwika bwino ndi kuiwala kuitsitsa, ndege n'kutera chamimba. Pofuna kupewa izi, kutsogolo kwa woyendetsa kuli nyali zitatu zobiriwira, imodzi pa mwendo uliwonse, zimene zimayaka mwendowo ukatsika ndi kukhoma. Palinso kachipangizo kamene kamalira ngati wachepetsa moto miyendo ikadali m'mwamba. Wophunzira amazolowetsedwa kutchula mokweza kuti nyali zonse zitatu zayaka, ndipo amaphunziranso kutsitsa miyendoyo mwanjira yapadera makina akakanika.

Komabe luso lonseli silingathandize ngati bwalo lenilenilo lili loipa. Matayala a ndege zotere ndi aang'ono kuposa a galimoto. Dzenje limene njinga ingalambalale, chulu chimene chiswe chamanga m'sabata zochepa, mzere wokumbika ndi mawilo a ngolo nthawi ya dzinja, kapena miyala yoikidwa ngati magolo a mpira, zonsezi zikhoza kuthyola mwendo wakutsogolo ndi kugubuduza ndege. Udzu wautali umabisa zoterezi kwa woyendetsa amene akuyang'ana ali m'mwamba. Nayo mbuzi ikalowa pabwalo mwadzidzidzi, ndege imene yagunda kale pansi singaime kapena kukhota msanga ngati galimoto.

Apa ndi pamene pali mbali yathu. Ziweto zizidyetsedwa kutali ndi bwalo. Ngolo, njinga zamoto ndi magalimoto zisamadutse pa msewu woterapo ndege. Tisakumbe dothi la njerwa kapena mbewa m'mphepete mwake, ndipo ana alangizidwe kuti ndege ikamatera aziionera patali, osaithamangira ngakhale itaima, chifukwa pulopela ikamazungulira sioneka bwino. Amene waona dzenje, chulu, mpanda wothyoka kapena chizindikiro chozulidwa, adziwitse woyang'anira bwalo, a mfumu, khansala wa dera lake kapena komiti ya chitukuko ya VDC.

Bwalo losamalidwa bwino ndi khomo limene wodwala mwakayakaya angatulukire, ndiponso limene mankhwala ndi thandizo zingalowere pamene madzi osefukira adula misewu. Woyendetsa akaliona kuti ndi lokayikitsa amalilambalala, ndipo otaya mwayi ndife eni dera. Khonsolo ikupempha mafumu ndi makomiti a ADC kuti nkhaniyi ikhale pa mndandanda wa zokambirana pa misonkhano yawo ikubwerayi.