Kuchoka pa Firiji ya Gasi Kupita pa ya Batire: Yambani Mwawerengera

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Nyimba ndi midzi ya kumunsi kwa Petauke silichita nthabwala. Ndi nthawi yomweyi pamene eni mafiriji a gasi ndi a palafini amayamba kudandaula: lawi likuyaka bwinobwino kuseri, koma ukatsegula chitseko, mkati muli mofunda. Kwa munthu wosungamo madzi akumwa, vuto limeneli ndi laling'ono. Koma kwa mlimi amene wasungamo katemera wa chitopa wa nkhuku za mudzi wonse, ndi nkhani ya moyo ndi imfa ya ziweto. Katemera wowonongeka ndi kutentha sasintha maonekedwe ake. Mudzadonthezera nkhuku zonse mtima uli m'malo, ndipo mudzazindikira kuti munapereka madzi chabe pamene mliri walowa kale m'khola.

N'chifukwa chake ambiri mwa inu, ophunzira athu a lero ndi akale, mukufunsa ngati n'kwanzeru kusiya firiji ya moto ndi kugula ya kompresa yoyendera batire ndi sola. Yankho lathu ndi lakuti inde, kawirikawiri n'kwanzeru. Koma dziwani ichi poyamba: simukugula firiji yokha. Mukugulanso kagwero kanu ka magetsi, ndipo mtima wa kagwero kameneka ndi batire. Amene sawerengera za batire, firiji yake yatsopano idzamukhumudwitsa kuposa yakale ija.

Mmene moto umaziziritsira

Firiji yoyendera moto ya mtundu umenewu inayambika mu 1922, pamene ophunzira awiri a ku Stockholm m'dziko la Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, anapeza njira yatsopano yoziziritsira zinthu pogwiritsa ntchito kutentha. Kampani ya Electrolux ndiyo inaifalitsa m'maiko ambiri. M'mapaipi ake otsekeka muli amoniya, madzi ndi mpweya wa haidrojeni. Lawi limawiritsa amoniya kuti alekane ndi madzi. Akakwera amazizira n'kusanduka madzimadzi, kenaka amatsikira m'kati mwa firiji, kumene amaulukanso atatenga kutentha kwa zinthu zimene mwasungamo. Mulibe injini, mulibe chozungulira chilichonse, ndipo siichita phokoso. Ndiye chifukwa chake kwa zaka zambiri mafiriji otere anatumikira zipatala za mishoni, magolosale a m'midzi, misasa ya alendo okaona nyama ku Luangwa, ndiponso anthu oyenda maulendo ataliatali ndi timagalimoto togonamo.

Komabe zofooka zake ndi zazikulu. Choyamba, imafuna kukhala pamalo osalala ndithu. Ikangopendekeka, madzi a m'mapaipi sayenda bwino ndipo imaleka kuziziritsa. Chachiwiri, kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, mphamvu yake imayamba kuchepa, pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Chachitatu, imadya tsiku ndi tsiku. Silinda ya gasi ya makilogalamu 9 imatha m'mwezi umodzi kapena kucheperapo, malinga ndi kukula kwa firijiyo, ndipo kuti mukaidzazitse muyenera kulipira ulendo wopita kuboma ndi kubwerako. Ya palafini nayo imafuna kudula chingwe ndi kupala mwaye kawirikawiri. Chachinayi, lawi losayaka bwino limatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene m'nyumba yotseka mawindo ungathe kupha banja lili m'tulo.

Mmene ya kompresa imasiyanirana ndi yakale

Firiji ya kompresa ili ndi kainjini kamagetsi kamene kamapanikiza mpweya woziziritsa ndi kuuzunguliza m'mapaipi. Kainjini kameneka sikalira nthawi zonse: mkati mukazizira mokwanira kamaima, mukayamba kufunda kamadzukanso. Imaziziritsa msanga, imapirira kutentha kwa Okutobala, ndipo kupendekeka pang'ono sikuilepheretsa. Ilipo ya mavoti 12 kapena 24 imene imalumikizidwa mwachindunji ku batire. Imeneyi ndiyo yoyenera kwa ife, chifukwa firiji wamba ya m'nyumba ya mavoti 230 imafuna invetala, ndipo invetala imadyako gawo la magetsi ngakhale firiji itaima. Mwa mafiriji onse, yotsegulira pamwamba ngati bokosi imasunga bwino kuzizira kuposa ya chitseko cha kutsogolo, pakuti mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umatayikira pansi chitseko chikatsegulidwa.

Ngakhale amene ali pa mzere wa ZESCO ali ndi chifukwa choganizira zimenezi. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo m'madera ena magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Firiji yodalira mzere wokha sikanateteza katemera m'miyezi imeneyo.

Chenjezo limodzi pano. Mafiriji ena akale a moto ali ndi polumikizira magetsi a mavoti 12, ndipo munthu angaganize kuti n'kokwanira kungowalumikiza ku batire. Musayese. Polumikizira pamenepo pamatenthetsa chitsulo cholowa m'malo mwa lawi, chimene chimadya mawati oposa 100 pafupifupi mosalekeza, ndipo batire lalikulu limatha m'maola ochepa chabe.

Munda, nkhokwe ndi pakamwa

Mlimi aliyense amadziwa kuwerengera chakudya cha chaka: pakamwa ndi pangati, nkhokwe ikhale yaikulu bwanji, munda ukhale wa maekala angati. Pa magetsi a dzuwa kawerengedwe kake ndi komweko. Firiji ndi pakamwa, batire ndi nkhokwe, mapanelo a sola ndiwo munda.

Tiyambe ndi pakamwa. Tiyerekeze kuti firiji yanu yaing'ono imadya mawati 45 kompresa ikamalira, ndipo m'nyengo yotentha imalira theka la nthawi, ndiye kuti maola 12 pa usana ndi usiku. Chulukitsani 45 ndi 12, mupeza 540. Muyeso umenewu amaulemba Wh, ndipo ndiwo chakudya cha firiji cha tsiku limodzi. Firiji iliyonse ili ndi chikwangwani kuseri chosonyeza mawati ake. Werengerani ndi nambala ya firiji yanu, osati ya chitsanzo chathuchi.

Tsopano nkhokwe. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100 Ah limasunga 1200 Wh. Koma batire la mtovu, kaya ndi la madzi kaya ndi la jelo, siliyenera kutsika kupitirira theka, apo ayi limafa msanga. Choncho chimene mungadye ndi 600 Wh zokha, chakudya cha tsiku limodzi basi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mitambo imatha kuphimba masiku awiri kapena atatu otsatizana, batire limodzi lotere silingakwanire, mufunika awiri. Batire la lithiyamu la kukula komweko limalola kudya pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a mphamvu yake ndipo limakhala zaka zambiri, koma mtengo wake wogulira ndi wokwera. Batire la galimoto musaliyese n'komwe: linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa kamphindi polizira injini, osati kukhetsedwa usiku uliwonse.

Pomaliza munda. Kuno kwathu tingawerengere maola 5 a dzuwa lamphamvu pa tsiku. Panelo ya mawati 200 ikanapereka 1000 Wh, koma kutentha, fumbi ndi mawaya zimadyako, ndiye yembekezerani pafupifupi 700. Zimenezi zikukwanira firiji ya m'chitsanzo chathu, koma zotsala zodzazira batire pambuyo pa masiku a mitambo ndi zochepa. Mapanelo okwana mawati 300 ndiwo angakupatseni mtendere. Popeza tili kummwera kwa dziko lapansi, panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pafupifupi madigiri 15, pamalo posafika mthunzi wa mtengo wa mango kapena wa denga. M'chilimwe ipukuteni fumbi ndi nsalu yonyowa sabata iliyonse, m'mamawa isanatenthe.

Kumbukiraninso kuti chakudya cha firiji chimakula malinga ndi zimene mwaikamo. Kuziziritsa malita 20 a mkaka wongokamidwa kumene kungathe kuwirikiza kawiri magetsi a tsiku lonse a firiji yaing'ono yotere. Amene akufuna kusunga mkaka wa madzulo kuti akagulitse m'mawa ayenera kuyamba wauviika chigubu m'madzi ozizira a pachitsime, ndiponso akulitse munda ndi nkhokwe yake ya magetsi.

Tsiku losintha

Yambani ndi yakale. Tsekani gasi pa silinda, chotsani paipi, ndipo ngati silindayo ikhalabe yophikira, malo amene panali paipi ya firiji atsekedwe ndi mmisiri wodziwa. Pakani thovu la sopo polumikizira paliponse. Likafufuma ndiye kuti gasi akutuluka. Firiji yakaleyo musaiboole kapena kudula mapaipi ake pofuna zitsulo, chifukwa amoniya ali m'menemo mopanikizika ndipo amawononga maso ndi mapapo. Ngati ikugwirabe ntchito, isungeni. Tsiku lina idzakuthandizani pamene batire lavuta.

Yatsopano ikafika, makamaka itagwedezeka pa msewu wa miyala kuchokera ku Great East Road, iimikeni chilili kwa maola angapo musanaiyatse, kuti mafuta a kompresa abwerere m'malo mwake. Ikhale m'chipinda chozizira, kutali ndi khitchini ndi dzuwa la pawindo, ndipo pakati pa firiji ndi khoma pakhale mpata wodutsa mphepo. Pakati pa panelo ndi batire payenera kukhala kontorola, imene imaletsa batire kudzaza mopitirira. Waya wochokera ku batire ukhale wonenepa ndi waufupi, pakuti pa mavoti 12 waya wowonda amataya mphamvu panjira, ndipo firiji imazima ngati kuti batire latha pamene likadali ndi moto. Fyuzi iikidwe pafupi ndi batire penipeni; popanda imeneyi, mawaya akakhudzana angayatse nyumba. Madzi oundana akachuluka mkati, zimitsani firiji kuti asungunuke okha. Mpeni waboola mafiriji ambiri.

Lamulo lovuta kusunga ndi ili: batire la firiji ndi la firiji yokha. Anansi adzabwera ndi mafoni, ana adzafuna kuonera mpira pa wailesi yakanema, ndipo kukana kumawawa. Koma nkhokwe ya mbewu sitapulidwa nsima ya alendo. Ngati banja likufuna kuunika ndi kutchaja, ligule kasola kena kapadera.

Za katemera

Katemera wambiri wa ziweto amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Firiji ya kompresa ili ndi ngozi inanso: kuzizira mopitirira. Katemera wamadzimadzi ndi wamafuta amawonongeka akaundana. Choncho ikani choyezera kutentha mkati, pakati pa firiji, ndipo lembani m'kabuku zimene chikuonetsa m'mawa ndi madzulo. Mabotolo a katemera akhale m'kabokosi kakekake, osakhudza khoma la mkati. Dzazani malo otsala ndi mabotolo a madzi. Amasunga kuzizira usiku ndipo amapeputsa ntchito ya batire. Katemera wa chitopa wa mtundu wa I-2 amapirira kutentha kuposa wa LaSota, komabe naye amafuna firiji kuti akhale nthawi yaitali. Wa chigodola cha ng'ombe ndi wosiyana kotheratu: amasungidwa m'zotengera zapadera za naitrojeni wozizira koopsa, ndipo ameneyo ndi wa alangizi a ziweto okha.

A zaumoyo anaphunzira kale phunziro la batire. Mafiriji a sola oyambirira m'zipatala za kumidzi ankafa kawirikawiri chifukwa cha mabatire, ndipo kuyambira cha m'ma 2010 bungwe la World Health Organization lavomereza mafiriji a sola opanda batire, amene masana amaundanitsa madzi m'makoma mwake kuti kuzizirako kufike m'mawa. Ndi okwera mtengo kwa mlimi mmodzi, koma kalabu kapena kopaletivu imene ntchito yake yaikulu ndi kusunga katemera ingachite bwino kuwafunsa.

Ndalama ya gasi siinathe ntchito

Cholakwa chachikulu sichichitika pa tsiku logula, koma m'miyezi yotsatira. Banja limaona kuti silikugulanso gasi, ndipo ndalama ija imalowa m'zina. Walira mvula walira matope. Batire la mtovu m'dziko lotentha ngati lathu limatha m'zaka zochepa, kawirikawiri ziwiri kapena zitatu ngakhale likusamalidwa, ndipo likafa limafuna ndalama yonse pakamodzi, mwina m'mwezi wa njala pamene matumba ali pululu. Mafiriji otere amasanduka makabati osungiramo mbale.

Njira yake ndi yapafupi. Gawani mtengo wa mabatire anu ndi miyezi 24, ndipo ndalama imeneyo muziisunga mwezi ndi mwezi ku banki ya m'mudzi kapena m'buku la kalabu, monga mmene munkaperekera pogula gasi. Ngati firijiyo ndi ya gulu, aliyense wotemeretsa nkhuku aziwonjezera kangachepe kopita ku thumba la batire, ndipo pasankhidwe munthu mmodzi wosunga kiyi ndi kabuku ka kutentha. Mutu umodzi susenza denga, koma denga lopanda mwini limadontha.

Ambuye wathu, pa Luka 14, anaphunzitsa za kufunika kowerengera mtengo munthu asanayambe kumanga. Musanapite kusitolo ku Petauke, ku Chipata kapena ku Lusaka, khalani pansi ndi pepala. Lembani mawati a firiji, maola ake, kukula kwa batire, mawati a mapanelo, ndi ndalama imene mudzasunga mwezi uliwonse. Nambala zisanu zimenezi zikagwirizana, gulani. Zikapanda kugwirizana, pitirizani ndi lawi lanu lakale mosamala mpaka mutakolola chaka chamawa, ndipo pobwera kuno ku sukulu bwerani nalo pepalalo kuti tidzawerengere pamodzi.